Lipoti la wodwala: mtsikana wa zaka 15 wonenepa mopitirira muyezo, ndi zimene tisingano ta acupuncture tinachita

Lipotili ndi la mtsikana amene ndinamuona kwa miyezi 6. Ndine dokotala woona matenda osiyanasiyana, ndipo ndinaphunziranso acupuncture, chithandizo chochokera ku China chobaya tisingano tating'ono kwambiri pamalo osankhidwa a thupi. Kawirikawiri ndimachigwiritsa ntchito kwa akuluakulu ovutika ndi msana, mawondo kapena mutu waching'alang'ala, chifukwa kumeneko umboni ulipo ndithu. Pa nkhani ya kunenepa kwa ana sindifulumira kugwira singano. Mtsikanayu ndi amayi ake anandilola kulemba nkhaniyi, ndipo ndachotsamo dzina ndi chilichonse chomuzindikiritsa.

Chimene anabwerera

Amene anayamba kulankhula anali amayi. Anati mnzawo wina anachepa thupi atamumata tinjere m'khutu, ndipo ankafuna kuti mwana wawo achitiridwe zomwezo. Iwowo ali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, ndipo mantha awo anali omveka: sankafuna kuti mwanayo adzadutse m'njira imene iwo akudutsamo. Anali atamugulirapo tiyi wochepetsa thupi, yemwe anangomutsegula m'mimba, ndiponso atamuletsapo chakudya chamadzulo kwa masabata angapo mpaka m'nyumba munabuka mkangano.

Thupi linayamba kukwera ali ndi zaka 11. Anatha msinkhu ali ndi zaka 12, ndipo msambo umabwera mwezi ndi mwezi. Samwa mankhwala alionse onenepetsa monga prednisolone, valproate kapena olanzapine. Ankadandaula kutopa masana ndi kupweteka kwa mawondo pokwera masitepe. Amayi anawonjezera kuti amaliza mkonono usiku.

Nthawi yonseyi mwiniwake anangoti zyoli. Ndinawapempha amayi kuti atidikire panja pang'ono, monga ndimachitira ndi wachinyamata aliyense. Atatuluka, mbiri yeniyeni inayamba kutuluka. M'mawa sadya. Kusukulu sadyanso chifukwa anzake amamuseka akamuona akutafuna, moti amangomwa zakumwa zotsekemera za gasi, mabotolo awiri a 500 ml pa tsiku. Akafika kunyumba njala imakhala itamupweteka, amadya mofulumira ndiponso mochuluka, kenako usiku amabwereranso kukhitchini anthu atagona. Amagona cha m'ma 12 koloko ali ndi foni m'manja, n'kudzuka 5:30. Masewera anasiya chaka chatha mphunzitsi wina atanena za thupi lake anzake akumva. Ndinamufunsa ngati amadzisanzitsa, ngati anaganizapo zodzivulaza, ngati pali mwayi woti ali ndi pakati kapena ngati amabayitsa jakisoni wolera. Zonse anakana. Kenako ndinamufunsa ngati iyeyo akufuna tisingano. Anati, "Adokotala, ine ndimaopa jakisoni. Koma ndikakana, amayi aziti sindikufuna kuchira."

Yankho limeneli ndinalilemba m'faelo monga analinenera, chifukwa linasintha dongosolo lonse.

Zimene tinapeza pomuyeza

Anali wamtali masentimita 160, wolemera makilogalamu 82.0, ndipo BMI yake, nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, inali 32.0. Kwa munthu amene akukulabe, BMI simawerengedwa ngati ya wamkulu; imayerekezeredwa ndi zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Pa matchati a WHO a 2007, mtsikana wa zaka 15 amawerengedwa kuti wanenepa mopitirira muyezo BMI ikadutsa 28.2, choncho panalibe chokayikitsa. M'chiuno munali masentimita 96, kupitirira theka la kutalika kwake, chizindikiro chakuti mafuta ambiri ali m'mimba. BP inali 124/78 titayeza ndi lamba wamkulu woyenera mkono wake, yokwera pang'ono kwa wazaka zake.

Kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa khungu linali lakuda ndi lokhuthala. Amayi ankaliyesa litsiro ndipo ankamukalipira kuti sasamba bwino. Limeneli ndi khungu limene madokotala amalitcha acanthosis nigricans, ndipo limasonyeza kuti thupi silikumvera bwino insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Nditawafotokozera, mtsikanayo anadzutsa mutu koyamba.

HbA1c, yomwe imasonyeza mlingo wa shuga m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inali 5.8 peresenti, m'chigawo cha 5.7 mpaka 6.4 chimene chimachenjeza kuti shuga ali pakhomo. ALT, yomwe imatiuza za chiwindi, inakwera pang'ono. TSH, yomwe imatiuza za chithokomiro, inali bwino. Kutalika kwake kunkayenda bwino kuyambira ali wamng'ono, ndipo zimenezi zimachepetsa kwambiri mwayi woti vuto lili m'mahomoni, poti ana onenepa chifukwa cha chithokomiro kapena matenda a Cushing (kuchuluka kwa homoni ya cortisol) nthawi zambiri amapinimbira.

Zimene ndinawauza tisanayambe

Mwanayu si yekha. WHO imati mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 160 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali onenepa mopitirira muyezo, ndipo chiwerengerocho chinakwera kuchoka pa 2 peresenti mu 1990 kufika pa 8 peresenti. Mabanja ambiri otere akufunafuna chithandizo, ndipo ena amafika kwa ife obaya tisingano atatopa ndi kuuzidwa kuti mwana angochepetsa kudya.

Ndinawauza amayi mosabisa kuti umboni wa acupuncture pa kunenepa ndi wofooka. Mu 2009, Cho ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 31 wa anthu pafupifupi 3,000 m'magazini ya International Journal of Obesity. Anapeza kuti obayidwa tisingano anachepa ndi makilogalamu osakwana 2 kuposa anzawo, ndipo olembawo ananena okha kuti kafukufuku wambiri mwa ameneyo sanachitidwe mwadongosolo labwino. Ambiri mwa anthu oyesedwawo anali akuluakulu. Vuto lina ndi lakuti n'kovuta kupanga singano yabodza yoyerekezera. Ngakhale singano imene Streitberger anapanga mu 1998, yomwe imabwerera m'chigwiriro chake osaboola khungu, imakhudzabe khungu ndipo wodwala amamvabe kanthu.

Chimene chili ndi umboni wolimba ndi china. Malangizo a American Academy of Pediatrics a mu 2023 amaika patsogolo chithandizo chosintha kadyedwe, kagonedwe ndi kayendedwe ka banja lonse, chokumana maso ndi maso kwa maola osachepera 26 pa miyezi 3 mpaka 12. Amalolanso mankhwala kuyambira zaka 12, ndi kuganizira opaleshoni kuyambira zaka 13 kwa onenepa koopsa. Acupuncture mulibe m'malangizo amenewo.

Amayi anamva, komabe anati tiyesere. Ndikanatha kukana. Ndinaona kuti ndikakana apita kwina kumene sadzamuyeza shuga mwanayu, ndipo ndinaonanso kuti acupuncture yochitidwa mwaukhondo siika moyo pachiswe kwenikweni. Kafukufuku wa ku Germany amene Witt ndi anzake anafalitsa mu 2009, wa odwala 229,230, anapeza kuti 8.6 peresenti anaona vuto lina, makamaka kutuluka timagazi kapena mikwingwirima, ndipo awiri okha anabooledwa chikuta cha mapapo. Choncho tinagwirizana zinthu zitatu. Mwezi woyamba sipakhala singano. Tisingano tikadzayamba, tizibwera pamodzi ndi uphungu wa kadyedwe, osati patokha. Ndipo mwanayo akadzati basi, tidzasiya tsiku lomwelo popanda womufunsa chifukwa.

Mwezi wopanda singano

Sitinamupatse ndandanda ya zakudya zoletsedwa. Katswiri wa kadyedwe amene ndimagwira naye ntchito anasankha zosintha zochepa: kudya m'mawa, kunyamula chakudya chamasana ndi kupeza mnzake mmodzi wodya naye, kusiya zakumwa zotsekemera, ndi kusiya foni kunja kwa chipinda pofika 10 koloko. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo iye ankapeza osakwana 6. Kusagona kumakweza njala tsiku lotsatira. Kuyenda tinayamba ndi mphindi 20 madzulo limodzi ndi amayi, tikulinga ku mphindi 60 pa tsiku zimene WHO imalimbikitsa kwa a zaka 5 mpaka 17. Tinapemphanso kuti zakumwazo zichoke m'nyumba monse, asamuletse yekha ena akumwa pamaso pake.

Pakutha pa masabata 4 anali pa makilogalamu 80.9.

Tisingano

Tsiku loyamba ndinamuonetsa singano ili m'pepala lake losindikiza, yachitsulo, yogwiritsa ntchito kamodzi, yonenepa mamilimita 0.25 okha. Ndinayamba kubaya imodzi padzanja langa, kenako imodzi pamwendo wake, n'kudikira kuti anene yekha ngati tipitirize. Anati tipitirize.

Malo amene ndinasankha ndi amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa vutoli, mwa malo 361 amene WHO inawalemba mwadongosolo mu 2008. Pamwendo, Zusanli kapena kuti ST36, zala zinayi kutsika kuchokera pabondo, kunja pang'ono kwa fupa la msongolo. Fenglong, ST40, chapakati pa bondo ndi kakolo. Ndi Sanyinjiao, SP6, pamwamba pa kakolo chamkati, malo amene sitibaya mayi woyembekezera, n'chifukwa chake funso la pakati lija linali lofunika. Pamimba, Tianshu, ST25, mbali zonse ziwiri za mchombo, ndi Zhongwan, CV12, pakati pa mchombo ndi pothera fupa la pachifuwa. Pachifuwa ndi kumsana chakumtunda sindinabayepo, kupewa mapapo. Tisingano tinkakhala mphindi 20 iye atagona chagada, kamodzi pa sabata, kwa masabata 10.

Kukhutu sindinasiye singano. Ndinamata tinjere ta chomera chotchedwa vaccaria ndi pulasitala pamalo otchedwa Shenmen, a m'mimba ndi a njala, khutu limodzi sabata ino, linalo sabata yamawa, n'kumuuza kuti azitisindikiza pang'ono asanadye ndipo azitichotsa pakatha masiku 5. Tisingano tosiyidwa m'khutu tikhoza kulowetsa tizilombo m'chicherewecherewe, chomwe chilibe magazi ambiri ndipo chimavuta kupola, ndipo kwa mwana amene shuga wake wayamba kukwera sindinaone chifukwa choyesera. Ambiri amayesa kuti mapu a khutu amenewa ndi akalekale a ku China, pamene amene anawafalitsa ndi dokotala wa ku Lyon ku France, Paul Nogier, m'zaka za m'ma 1950.

Chiphunzitso cha ku China chimafotokoza kunenepa kotere ngati kufooka kwa kapamba ndi kuunjikana kwa chinyezi m'thupi. Mawu amenewa ndimawadziwa ndipo amandithandiza kusankha malo, koma sindiuza wodwala kuti kapamba wake akudwala, chifukwa palibe chimene ndinayeza chosonyeza zimenezo. Ofufuza amakono amaloza ku nthambi ya mtsempha wa vagus imene imafika m'kati mwa khutu, ndi ku mahomoni a njala ndi kukhuta, ghrelin ndi leptin. Ndi maganizo oyenera kufufuzidwa, ndipo ndinawauza amayi kuti adakali maganizo chabe.

Sabata yachitatu

Titachotsa tisingano pa ulendo wachitatu, anadzuka, n'kutuluka thukuta, n'kunena kuti akuona mdima, kenako anakomoka kwa masekondi ochepa. Namwino anamugwira asanagwe. Tinamugoneka miyendo ili m'mwamba, ndipo anatsitsimuka msanga. Kugunda kwa mtima ndi BP zinabwerera m'malo, shuga wa pachala anali chakumunsi koma osati koopsa.

Kukomoka pobayidwa kumachitika, makamaka kwa wamantha kapena wanjala. Nditamufunsa ali yekha, anaulula kuti sanadye kuyambira masana a dzulo lake, ndipo madzi anangolawa. Anatero masabata onse atatu. Ankadziwa kuti amayi aima pambali pa sikelo, ndipo nambala ikatsika, m'nyumba mumakhala mtendere sabata yonse.

Pa miyezi 6 yonseyi, ichi ndiye chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri, kuposa HbA1c. Wachinyamata wonenepa akhoza kudwala matenda odzimana chakudya mofanana ndi woonda, ndipo kwa iye amachedwa kuzindikirika chifukwa aliyense amamuyamikira akamachepa. Mwana amene waphunzira kugula mtendere ndi njala ali kale panjira imeneyo. Tinamufunsanso mwatsatanetsatane za kudzisanzitsa, mankhwala otsegula m'mimba ndi kudya mosadziletsa, ndipo ndinamutumiza kwa mlangizi wa zamaganizo amene anamuona kangapo. Sikelo tinaichotsa pa maulendo a sabata ndi sabata. Tinayamba kumuyeza mwa apo ndi apo, amayi ali panja, ndipo nambala ankaiona yekha ngati wafuna. Lamulo linakhala lakuti wosadya sabayidwa.

Amayi ndinalankhula nawo paokha. Ndinati, "Mayi, mwanayu akukuopani kuposa mmene akuopera shuga. Muzimufunsa ngati wadya ndi ngati wagona, za makilogalamu mutisiyire ife." Analira. Anati bambo awo anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga ndipo chithunzi chimenecho sichiwachoka. Kuchokera pamenepo anasintha kwambiri, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Zina zimene zinachitika ndi zazing'ono: mkwingwirima pamimba kawiri, ndi kuyabwa kwa pulasitala kukhutu lakumanzere komwe kunatha titapumitsa sabata imodzi.

Zotsatira

Pakutha pa masabata 10 a tisingano, sabata ya 14 chiyambireni, anali pa makilogalamu 78.6. Ananena kuti kwa masiku awiri kapena atatu akabayidwa, chilakolako chodya usiku chimachepa ndipo amagona msanga. Kusindikiza tinjere asanadye, anati, kumamukumbutsa kudzifunsa ngati ilidi njala.

Kenako tinasiya tisingano monga tinapanganirana, n'kutsala ndi maulendo a uphungu masabata awiri alionse. Mwa maulendo 6, anabwera atatu. Pa sabata ya 26 anali pa makilogalamu 77.4, kutalika masentimita 160.5, BMI 30.0. M'chiuno munatsika kufika pa masentimita 91, BP inali 116/74, HbA1c 5.5 peresenti, ndipo ALT inabwerera m'malo mwake. Khungu la pakhosi linayamba kuwala pang'ono. Mawondo anasiya kupweteka. Mkonono ulipobe. Onse pamodzi anachepa ndi makilogalamu 4.6, pafupifupi 5.6 peresenti ya kulemera kwake koyamba. Adakali m'gulu la onenepa mopitirira muyezo.

Kodi tisingano tinagwira ntchito?

Amayi amakhulupirira kuti inde. Ine manambala sandilola kunena choncho. Mwezi wopanda singano anachepa pafupifupi magalamu 280 pa sabata. M'nyengo ya tisingano, magalamu 230. Titasiya, magalamu 100. Liwiro silinakwere tisingano titayamba. Munthu akhoza kuloza kutsika kwa liwiro titasiya, koma nthawi imeneyo ndi yomwenso anajomba theka la maulendo, ndiponso kuchepa thupi kumachedwa pakapita miyezi kwa pafupifupi aliyense. Zakumwa zija zokha zikhoza kufotokoza zonse: botolo la 500 ml limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 50, choncho mabotolo awiri ndi makalori pafupifupi 400 pa tsiku amene anachoka. Kuchepa kwa njala kumene ananena sindikukutsutsa, koma nthawi yomweyo anali atayamba kudya m'mawa ndi masana komanso kugona mokwanira, ndipo wodwala mmodzi sangatithandize kulekanitsa zimenezi.

Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti pamene panali tisingano, sanajombe ngakhale kamodzi. Kwa amayi, ulendo wokhala ndi singano unali chithandizo. Ulendo wongokambirana unali chinthu chimene chikhoza kudikira ntchito ikachuluka. Ndipo mphindi 20 zija, ali gone opanda foni, amayi ali panja, ndi pamene anandiuza zambiri za anzake omuseka, za kukhitchini usiku, za mphunzitsi uja. Zambiri zimene tinakonza pambuyo pake zinatulukira pabedi limenelo. Ngati acupuncture inamuthandiza, gawo limene ndingaikire umboni ndi limeneli: inamubweretsa sabata ndi sabata mpaka maola okumana anachuluka, ndipo maola amenewo ndi amene kafukufuku amasonyeza kuti amagwira ntchito.

Phindu limeneli ndi lenileni, koma lili ndi msampha wake. N'kosavuta kuti ife obaya tilandire ulemu wa ntchito imene wagwira ndi mwana, mayi ake ndi katswiri wa kadyedwe. Tikatero, banja limaphunzira phunziro lolakwika, lakuti thupi likadzakweranso mankhwala ake ndi singano, n'kubwezera zakumwa m'firiji. Ndipo wobaya amene sayeza shuga, BP ndi chiwindi, amene safunsa mwana ali yekha, akhoza kubaya miyezi yambiri pamwamba pa matenda a shuga kapena pamwamba pa mwana amene akudzipha ndi njala, osazindikira kanthu.

Tiyeneranso kuona kukula kwa zinthu. Pa kafukufuku wa STEP TEENS wa achinyamata 201, wofalitsidwa mu 2022, olandira semaglutide, jakisoni wochepetsa thupi, BMI yawo inatsika ndi pafupifupi 16 peresenti pa masabata 68, pamene olandira mankhwala oyerekezera sinatsike. Mu December chaka chomwecho FDA, bungwe loona za mankhwala ku United States, inavomereza mankhwalawa kuyambira zaka 12. Ali ndi zovuta zake, monga nseru, kusanza ndi kubwerera kwa thupi munthu akasiya, ndipo sapezeka kwa aliyense. Komabe palibe kafukufuku wa tisingano amene wayandikira pamenepo, ndipo kholo la mwana wonenepa koopsa liyenera kuuzidwa zimenezi lisanathere nthawi ndi ndalama zake kwa ife.

Pamene tafika

Ndamutumiza kukayezedwa kapumidwe ka usiku chifukwa cha mkonono ndi kutopa kuja. HbA1c, ALT ndi mafuta a m'magazi tidzabwereza pakatha miyezi 6. BMI ikadzayamba kukwera kapena shuga akadzabwerera m'chigawo chochenjeza, ndidzamutumiza kwa katswiri wa mahomoni a ana kuti akambirane za mankhwala. Akupitirizabe kuonana ndi mlangizi wa zamaganizo.

Amayi anapempha kuti tiyambirenso tisingano. Ndinamufunsa mwiniwake ali yekha, ndipo anati za pamimba ndi pamiyendo sakuzifunanso, koma tinjere ta kukhutu angakonde pa nyengo ya mayeso, pamene amadya kwambiri usiku. Tagwirizana choncho, ndipo tizimata tsiku lomwelo limene akuonana ndi katswiri wa kadyedwe. Amayi anafunsanso za mlongo wake wa mtsikanayu, mnyamata wa zaka 9 amene thupi layamba kukwera. Ameneyo sindimubaya. Ndalembera banja lonse ulendo umodzi mwezi wamawa, ndipo ndapempha kuti bambo a anawa adzabwere nawo, poti ndiwo amagula zinthu zambiri zolowa m'nyumbamo.